Kodi wolosera zanyengo wa kuusilikali angapeze ntchito yosanthula deta kumakampani a magetsi?

Wa_ku_Cornwall:
Ndikupempha nzeru kwa inu abale amene muli kuno ku Britain. Ndimagwira ntchito yolosera zanyengo m'gulu la asilikali apamadzi la Royal Navy, makamaka kuuza oyendetsa mahelikopita za mphepo, mitambo ndi chifunga asananyamuke, ndipo nthawi yanga yotula pansi usilikali yayandikira. Ndamva kuti makampani a magetsi amalemba anthu ngati ife pa ntchito yosanthula deta. Kodi zimene ndikudziwazi n'zokwanira, kapena ndibwerere kaye kuyunivesite?

Nambewe:
Achimwene, luso lanulo likufunidwa kwambiri, chifukwa m'chaka cha 2024 pafupifupi 30 peresenti ya magetsi a dziko lino inachokera ku mphepo, ndipo pa 30 Sepitembala chaka chomwecho siteshoni yomaliza yopangira magetsi yoyendera malasha, ya Ratcliffe-on-Soar, inatsekedwa. Magetsi kuno amawerengedwa m'zigawo za mphindi 30, ndipo kampani ikalonjeza magetsi amene mphepo yalephera kupanga, imalipira kusiyanako pa mtengo umene nthawi zina umakhala wowawa.

Taonani pamene pali vuto. Mphepo ikawirikiza liwiro lake kawiri, mphamvu yake imachuluka ka 8, choncho kuphonya pang'ono polosera kumasanduka ndalama zambiri. Komanso makina ambiri amphepo amadzizimitsa okha liwiro likafika pafupifupi mamita 25 pa sekondi kuti asawonongeke. Ndiye kuti tsiku la namondwe, mphepo ya mamita 24 ikhoza kupereka magetsi odzaza, pamene ya mamita 26 ikhoza kuimitsa makina ochuluka nthawi imodzi. Wogulitsa magetsi safuna nambala imodzi yokha ayi. Amafuna kudziwa kuti nambalayo angaikhulupirire mpaka pati, ndipo inu mwakhala mukuyankha funso lomwelo kwa oyendetsa ndege amene moyo wawo unali pachiswe.

Phiri_Leeds:
Ndikugwirizana ndi Mayi Nambewe, koma ndinene mosapita m'mbali kuti popanda kudziwa zinenero za pakompyuta za Python ndi SQL kalata yanu yofunsira ntchito sidzapita patali. Pamafunika kusonyeza chinthu chimene mwapanga nokha. Deta ya zanyengo ya ERA5, yokonzedwa ndi bungwe la zanyengo la ku Ulaya la ECMWF, imapezeka mwaulere ndipo imayambira mu 1940, pamene Elexon, kampani yowerengera malonda a magetsi kuno ku Britain, imasindikiza ziwerengero za magetsi opangidwa. Tengani mphepo ya pamalo pamene pali Hornsea 2, malo a m'nyanja okhala ndi makina ambiri amphepo, muiyerekeze ndi magetsi amene anatulukadi, kenako mufotokoze masiku amene ziwirizi zinasemphana ndi chifukwa chake. Ndalama zothandizira maphunziro a asilikali, za Enhanced Learning Credits, zikhoza kukulipirirani maphunziro ena, ndipo ndi bwino kufunsa msanga musanatuluke.

Mbewe_Aberdeen:
Pa nkhani ya yunivesite, ine ndikuona kuti zimadalira mpando umene mukufuna. Magulu amene amamanga okha mapulogalamu olosera kawirikawiri amafuna digiri yachiwiri ya masamu kapena ya zanyengo, koma amene amakhala pafupi ndi ogulitsa magetsi amayang'ana kwambiri ngati munthu angathe kupereka chigamulo mofulumira. Pokafunsidwa mafunso musachulutse za TAF ndi METAR, malipoti a zanyengo a pamabwalo a ndege, popeza ambiri kumeneko sazidziwa. Fotokozani chisankho chimene chinapangidwa chifukwa cha ulosi wanu.

Wa_ku_Cornwall:
Zikomo kwambiri nonsenu. Bambo Phiri, kodi mphepo ya mu ERA5 nditenge ya pamtunda wa mamita 10 kapena ya mamita 100?

Phiri_Leeds:
Tengani ya mamita 100, chifukwa ndiyo yoyandikira pamene mapiko a makinawo amazungulira.