Mwana wanga watengeka ndi galu wapolisi wa pa TV, ndimuletse kuonera?

Make Junior, Chiputula:
Anzanga ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 4, ndipo chiyambireni kuonera katuni ya Paw Patrol kwa aneba, akuti dzina lake ndi Chase, galu uja wovala yunifolomu ya buluu ya apolisi. Beseni laling'ono walisandutsa chipewa, msuweni wake amamumanga tsiku lililonse. Zimenezo sizikundivuta. Chandiopsa n'chakuti Loweruka tikuchokera ku msika wa Zigwagwa anandipulumuka m'manja n'kuthamangira galu wachilendo amene anagona m'mbali mwa ngalande, kufuna kumukumbatira. Mtima wanga unachita kuima. Iye akuti agalu amapulumutsa anthu. Bambo ake akuti asaonerenso basi. Koma ine ndikuona kuti katuniyo yamusinthanso kwabwino: kale akaona wapolisi ankabisala m'chitenje mwanga, pano amawabayibitsa. Inu ana anu mumatani nawo?

Anamwino opuma, Katoto:
Make Junior, zina zonse zidikire, ya galuyo ndiye muyigwire lero lomwe. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro pa munthu sichichizika, ndipo ana ndi amene amalumidwa kwambiri chifukwa ndi afupi, galu amawapeza kumaso ndi m'manja. Agalu a m'makwalala athu ambiri sitidziwa ngati anabayidwa katemera. Muuzeni mobwerezabwereza kuti Chase ali ndi mwini wake, mnyamata uja Ryder, ndipo galu amene mwini wake sitikumudziwa sitimukhudza, makamaka akamadya kapena akakhala ndi ana. Zikachitika kuti walumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Musathire mankhwala achikuda n'kudikira.

Bambo a ku Zolozolo:
Mayi, ine ndilankhula mbali ina, mundikhululukire. Ndimakhala pafupi ndi manda amene tinaika anyamata amene anawomberedwa pa zionetsero za pa 20 July 2011, nthawi ya Bingu wa Mutharika. Mzuzu ndi umene unataya anthu ambiri pa tsiku lija. Ndiye ndikaona mdzukulu wanga akuimba nyimbo yotamanda galu wapolisi, ndimakhala chete, koma m'kati sindimasuka. Ndipo si ine ndekha. Mu 2020, George Floyd ataphedwa ndi wapolisi ku Minneapolis, anthu ena ku America anadzudzula katuni yomweyi kuti imaphunzitsa ana kuti wapolisi salakwa. Mphekesera zinafala kuti yaletsedwa, eni ake anachita kutsutsa. Sindikuti mwana wa zaka 4 mumuuze za mfuti, ayi. Koma akamakula adzamve kwa inu kuti yunifolomu imavalidwa ndi munthu, ndipo munthuyo akalakwa ayenera kuyankha mlandu.

Madamu a nazale, Luwinga:
Bambo, ndakumvani ndipo sindingapepute zimene munaona. Koma m'kalasi mwanga ndimaona vuto lina. Makolo ambiri amaopseza ana kuti "ukapanda kudya ndikuitanira apolisi". Mwana wotereyu akasochera mu depoti ya mabasi amathawa munthu yekhayo amene angamubweze kwawo. Mwana amene akuchitidwa nkhanza panyumba sangatsegule pakamwa ku Victim Support Unit, ofesi ya apolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ngati chibadwire amamva kuti apolisi amatenga ana. Ndiye zoti Junior akuwabayibitsa, ine ndasangalala nazo.

Chimene ndimachiona kwa ana anga n'chakuti sasamala kwenikweni za upolisiwo. Atsikana onse amalimbirana kukhala Skye chifukwa amauluka pa helikopita, anyamata ena amakonda Marshall wozimitsa moto chifukwa amangogwaigwa. Amene amasankha Chase nthawi zambiri ndi aja okonda kulamula anzawo. Ameneyo ndimamupatsa ntchito yoonetsetsa kuti aliyense wasamba m'manja asanalandire phala, ndipo amaigwira ndi mtima wonse.

Wa kaunjika, msika waukulu:
Asisi, musaiwale kuti katuniyi ndi ya Spin Master, kampani ya zidole ya ku Canada, ndipo katuniyo inayamba kuonetsedwa mu 2013. Ntchito yake ndi kugulitsa katundu. Ine ndikatsegula belo la ana, malaya ndi zikwama za agalu amenewa zimatha dzuwa lisanafike pamutu, ana akulira, amayi akubwereka ndalama kwa anzawo. Junior akayamba kufuna chikwama, muuzeni msanga kuti chidzabwera potsegulira sukulu, osati lero.

Make Junior, Chiputula:
Zikomo nonse. Ndawawerengera bambo ake, tagwirizana kuti azionera gawo limodzi madzulo ine ndili pomwepo, osati tsiku lonse kwa aneba. Amayi a ku Katoto, funso lina: aneba omwewo ali ndi kagalu ka miyezi itatu ndipo Junior amaseweretsa. Kafika msinkhu wobayitsa katemera wa chiwewe?

Anamwino opuma, Katoto:
Kafika, miyezi itatu ndiyo nthawi yake. Apite nako kwa alangizi a ziweto sabata ino, ndipo asunge kapepala ka katemerako.