Dextrose, sorbitol, sugar alcohol: kodi zonsezi ndi shuga?

Wofunsa:
Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni abale. Amayi anga anawapeza ndi matenda a shuga mwezi watha, ndiye kuchipatala anatiuza kuti tiziwerenga kaye zolembedwa kuseri kwa paketi tisanagule. Dzulo ndinawagulira mabisiketi omwe wogulitsa analumbira kuti alibe shuga. Kunyumba nditatembenuza paketi ndinapeza dextrose, sorbitol, ndi pena palembedwa sugar alcohol. Amayi atangomva alcohol anakankhira mbale uko, akuti iwo ndi a Mvano, sangayambe mowa pa ukalamba uno. Ine chemistry ndinaisiyira ku Fomu 2. Mawuwa akutanthauzanji? Nanga uchi ndi thobwa azimwabe?

Mphunzitsi wa sayansi:
Achimwene, muziyang'ana kumapeto kwa liwu. Ambiri othera ndi -ose ndi shuga. Sucrose ndi shuga wathu wa mu tiyi, wochokera ku nzimbe za ku Nchalo ndi Dwangwa, ndipo tikadya amagawika pawiri: glucose ndi fructose. Dzina la fructose linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza chipatso, la lactose ku liwu lotanthauza mkaka. Dextrose ndi dzina lina chabe la glucose, yemwe uja kamakina kamayeza akawabaya chala amayiwo. Ndiye mu mabisiketi anuwo shuga alimo ndithu, angomuveka malaya ena.

Membala wina:
Aphunzitsi, nanga sucralose? Ali ndi -ose koma amamuika mu zakumwa za anthu a shuga.

Mphunzitsi wa sayansi:
Mwandigwira. Ameneyo amapangidwa kuchokera ku sucrose, amatsekemera kuposa shuga pafupifupi ka 600, koma thupi siligaya. N'chifukwa ndinati ambiri, osati onse.

Namwino:
Awuzeni amayi mtima ukhale m'malo, sanachimwe. Mu chemistry mawu ambiri othera ndi -ol ndi a banja lalikulu lotchedwa alcohol, ndipo woledzeretsa wa mu kachasu ndi ethanol. Sorbitol, xylitol ndi maltitol, omwe amatchedwa sugar alcohol, saledzeretsa ngakhale pang'ono. Amakweza shuga m'magazi mocheperapo poyerekeza ndi shuga wamba, koma akachuluka amatsegula m'mimba. Asamalize paketi tsiku limodzi. Za uchi musanamizidwe kuti poti ndi wachilengedwe ndiye palibe vuto, uchi ndi fructose ndi glucose yemweyo.

Mayi wina:
Koma thobwa wosathira shuga ali bwino, si choncho? Agogo anga ankamwa tsiku lililonse.

Mphunzitsi wa sayansi:
Mayi, mwadzifunsapo kuti phala la thobwa lija limatsekemera bwanji mukangothira chimera, pomwe supuni ya shuga simunaikhudze? Mawere akamera amakhala ndi mphamvu yodula sitachi wa mu ufa kukhala maltose, amene ndi ma glucose awiri olumikizana. N'chifukwa chake phala lolimba limasungunuka n'kuyamba kuzuna. Malovu athu amachitanso zomwezo pa nsima. Agogo anu mwina analibe matendawa, komanso ankagwira khasu m'mawa wonse.

Namwino:
Kuchuluka kwa thobwa ndi nsima kukafunseni kukiliniki yawo, atenge ndi kabuku komwe amalembamo zotsatira za magazi.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndawawerengera amayi zonsezi. Za mowa akuti amva, mabisiketi apereka kwa zidzukulu. Koma za thobwa akuti akafunsa okha Lachinayi kukiliniki, aphunzitsiwo sakuwakhulupirira.