Abale thandizeni, tikagone kuti ku Cornwall?

Mlongo wa ku Luton: Abale thandizeni msanga. Amayi abwera kudzandiona, akufunitsitsa kuona nyanja yamchere asanabwerere kumudzi. Andipatsa masiku atatu opuma sabata yamawa. Galimoto ndilibe. Ku Cornwall, dera la kunyanja kumwera chakumadzulo kwa England, tikagone tauni iti? Ku St Ives mitengo yandikanika.

Achimwene a ku Bristol: Mu August? Ana atsekera sukulu, England yense wakhamukira komweko. Malo amenewo anthu amasungitsiratu kukadali chisanu. Obwera kumenenu mumafunsa madzi atafika m'khosi.

Anti a ku Leeds: Musamukalipire mwana. Koma bwanji osangopita ku Blackpool mwanawe?

Adalaivala: Ine Cornwall ndimaidziwa kuposa nonsenu. Mukangosiya msewu waukulu wa A30, timisewu take n'topapatiza, uku ndi uku mpanda wamiyala wobisika m'tchire. Ndinakumana ndi thalakitala, ndinabwerera chambuyo mpaka galasi lam'mbali linathyoka.

Mlongo wa ku Luton: Ndati galimoto ndilibe achimwene.

Anamwino a ku Truro: Mchemwali mverani ine, ndimakhala konkuno. Gonani pamene pali siteshoni. Sitima yochokera pa siteshoni ya Paddington ku London imakathera ku Penzance, ulendo wa maola 5 kapena kupitirirako, ndipo mabasi amaima pafupi pomwepo. Kukadula yesani Camborne kapena Redruth, kulibe gombe koma njanji ndi yomweyo. Ku St Ives mungopita masana: tsikani pa St Erth, mukwere kasitima kodutsa m'mphepete mwa nyanja, amayi akhale kuwindo. Tinyumba ta kumafamu musatenge, Lamulungu mabasi amasowa. Funsani ngati chipinda chili pansi, nyumba zakale za kuno masitepe ake amapweteka mawondo. Pezani pokhala ndi khitchini, munthu wamkulu masiku atatu osadya nsima sizoona.

Achimwene a ku Bristol: Chenjerani, mahotela akumatumiza mapasipoti a alendo ku Home Office, unduna woona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Aliyense akudziwa.

Anamwino a ku Truro: Musaopseze anthu. Kulemba dzina la mlendo ndi dziko lake ndi lamulo lakalekale. Amayi ali ndi visa, aope chiyani?

Adalaivala: Choopsa ndi mbalame za kunyanjako. Ina inandilanda pasty, chakudya chophika mu uvuni chokhala ndi nyama m'kati, m'manja ngati kabawi pa mwanapiye!

Anti a ku Leeds: Kkkkk. Koma madziwo amayi asalowemo, amazizira ngati a mufiriji. Osambira azikhala pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu.

Bambo a mapasa: Mukuti nyanja? Senga Bay dzuwa likulowa, madzi ofunda, chambo chikupsa pamakala, ana akuthamanga pamchenga. Zaka 7 tsopano ndisanapondeko. Mtima ukuwawa abale.

Anti a ku Leeds: Mulungu alipo achimwene, tidzapita.

Mlongo wa ku Luton: Anamwino pepani, uthenga wanu wakwiririka. Mwati titsike pa St chiyani?

Adalaivala: Mlongo, amayiwo abwera ndi usipa? Ndigulako.