Kodi umphawi wa mlimi wa fodya unachita kupangidwa ndi malamulo?

Wophunzira wa ku Zomba

Akuluakulu, ndikuwerenga kafukufuku wa Jonathan Kydd ndi Robert Christiansen yemwe anatuluka mu 1982 m'magazini ya World Development, ndipo zomwe anapeza zandisowetsa mtendere. Iwo anaonetsa kuti chuma cha Malawi, chomwe chinkatamandidwa m'zaka za m'ma 1970, chinakulira pamsana pa mlimi wamng'ono. Bungwe la ADMARC, lomwe linakhazikitsidwa mu 1971, linkagula mbewu kumidzi pamtengo wotsika n'kukagulitsa kunja pamtengo wabwino, ndipo phindulo linkathera kumaesiteti ndi kumakampani monga Press Holdings. Ndiye ndikufunsa: popeza dongosolo limenelo linatha kalekale, n'chifukwa chiyani mlimi wa fodya akadali mu umphawi?

Mphunzitsi wopuma

Mwanawe, funso lako ndi labwino, koma uyambire kumbuyo pang'ono. Mawu akuti thangata poyamba ankatanthauza kuthandizana pakati pa anthu a m'mudzi, koma azungu a minda ya kumapiri a Shire anawapotoza, nawasandutsa ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala. Ambiri mwa amene anavutika nayo anali Alomwe ochokera ku Mozambique, omwe analibe kwina kolowera, ndipo nkhanza za pamunda wa A. L. Bruce ku Magomero ndi zina mwa zomwe zinautsa John Chilembwe mu 1915. Titalandira ufulu mu 1964, eni minda anasintha khungu, koma kachitidwe kanatsala. Lamulo la mbewu zapadera linaletsa mlimi wa kumudzi kulima fodya wa bale, yemwe anali ndi ndalama zambiri, n'kumusiyira okhala ndi ziphaso za esiteti, amene ambiri anali andale ndi akuluakulu a boma. Munthu ukamuletsa kulima mbewu yopindulitsa pamunda pake, wamukankhira ku utenanti popanda kumugwira dzanja.

Mwana wa tenanti

Zimene akunena aphunzitsiwa ine ndinaziona ndi maso. Bambo anga anachoka ku Phalombe kukagwira utenanti pa esiteti ina ku Kasungu, ndipo tonse, mayi ndi ana omwe, tinkagwira ntchito ngakhale m'kaundula munalembedwa dzina limodzi lokha. Ndimakumbukira manja athu akuda ndi phula la fodya, tikusoka masamba m'chigafa mpaka usiku. Kapitawo anali ndi kope momwe ankalemba chilichonse chomwe tatenga: chimanga cha phoso, mchere, feteleza, khasu, ngakhale mankhwala a malungo. Pokolola, mwini esiteti yemweyo ndiye ankagireda fodya wathu, n'kutchula mtengo, n'kuchotsera ngongole yomwe mitengo yake anaika yekha. Chaka china bambo anatsala ndi ndalama zosakwana n'zoyendera zomwe, choncho tinakhalanso chaka china. Ndinamva kuti aphungu analetsa utenanti mu 2021 posintha lamulo la ntchito, ndipo ndinasangalala kwambiri, koma mtima sunakhazikike, chifukwa amene alibe munda wokwanira kwawo adzapitabe kukapempha ntchito yomweyo pansi pa dzina lina.

Mlangizi wa ku Dowa

Ndikugwirizana nanu, koma tisanene ngati palibe chomwe chinasintha. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima bale kuyambira mu 1990, ambiri analowa m'makalabu, nagulitsa okha ku okushoni, ndipo nyumba zamalata ndi ngolo zinaoneka m'midzi momwe munalibe. Chomwe chinachitika n'chakuti mphamvu inasamuka, kuchoka ku boma kupita kwa ogula. Ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma ndi ku Mzuzu alimi ndi ochuluka zedi, pomwe makampani ogula mungawawerenge ndi zala, ndipo fodya wambiri tsopano amalimidwa pa mgwirizano, kampani n'kupereka zipangizo pangongole, n'kudzadula pogulitsa. Mlimi amene mabelo ake afika kale kumsika, atalipira thiransipoti, sangakane mtengo. Inu wophunzira, ngati mukufuna mutu wa kafukufuku wanu, sonkhanitsani mapepala a malonda omwe alimi amalandira, muwerengere zomwe zadulidwa pa belo lililonse mpaka ndalama yomwe yalowa ku banki.

Wophunzira wa ku Zomba

Zikomo kwambiri nonse. Bambo Mlangizi, kodi makalabu a kwanuko amasunga mapepala a zaka zingapo, ndipo angalole kuti ndidzawaone ndikabwera patchuthi?