Thandizeni, TEC yanga sikutsika pa tsiku la kadamsana

Membala wobisa dzina:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Ndili chaka chomaliza cha physics, ndipo pulojekiti yanga ndi yoona mmene kadamsana wa dzuwa amachepetsera ma electron mu ionosphere, gawo la mpweya la kumwamba kwambiri. Mutu wa pulojekitiyi anachita kundipatsa. Mnzanga amene tinkayenera kupangira limodzi anathawira kwa supervisor wina osanditsanzika n'komwe. Laputopu ndi yobwereka kwa alamu anga, batire inafa, magetsi akathima zonse zathera pomwepo. Mafayilo a GPS ndakopera masiku atatu ndi bandulo ya usiku, ndalama yake inali ya ndiwo. Ndajambula girafu ya TEC (kuchuluka kwa ma electron kumwambako, kowerengedwa kuchokera m'mafayilowo) koma palibe pamene yatsika, ikungokwera m'mawa n'kutsika madzulo ngati tsiku lina lililonse. A supervisor sakuyankha mauthenga, chonsecho ndipereke Lachisanu. Ndalakwitsa pati? Kapena zoti ma electron amachepa n'zongolemba m'mabuku?

Wokonza mawailesi, Lusaka:
Mwana wanga, za m'mabuku zotani? Ine ndinaona ndi maso, ndinamva ndi makutu. Pa 21 June 2001 cha m'ma 3 koloko masana kuno kunada bii kwa mphindi zitatu, nkhuku zanga zinalowa m'khola. Ndinali nditatchera wailesi pa medium wave, masiteshoni akutali omwe amamveka usiku wokha anayamba kutulukira masanasana. Dzuwa ndi limene limapanga ma electron kumwambako. Mwezi ukalitchinga, gawo la m'munsi lomwe limameza mawu a wailesi masana limafooka. Ana a masiku ano mumakhulupirira kompyuta kuposa makutu anu.

Mphunzitsi wa sayansi:
Achemwali kapena achimwene, ndi kadamsana wa chaka chiti, ndipo mafayilowo ndi a siteshoni iti?

Mayi wa anyamata atatu:
Iwe, ndalama ya ndiwo ukugulira bandulo? Udwala nazo zimenezi. Komanso wina asadzayang'ane dzuwa ndi maso pa kadamsana. Wanga wachiwiri anayang'ana mu 2016 ndi magalasi wamba akuda, sabata yonse ankangoti akuona kadontho patsogolo.

Mnyamata wa kabaza:
Ma electron akowo anathawa limodzi ndi mnzako uja kkkk. Kawafunse kwa supervisor winayo.

Wopima malo:
Bambo a mawailesi, zimene mukunenazo ndi gawo la D la ionosphere, makilomita 60 mpaka 90 m'mwamba. TEC imawerenga ma electron onse pa njira yochokera pa setilaiti kufika pa risiva, ndipo ambiri ali m'gawo la F, cha pa makilomita 300. Musamusokoneze mwana. Ife opima malo timalimbana nazo tsiku ndi tsiku: TECU imodzi (muyeso wa TEC) imachedwetsa siginolo ya GPS yotchedwa L1 ngati kuti mtunda watalika ndi masentimita 16. N'chifukwa chake timagwiritsa risiva ya mafrikwensi awiri. Ine kasitomala wina anandikaniza malipiro ati foni yake ikuonetsa malire ena, mpaka lero sanandipatse.

Wokonza mawailesi, Lusaka:
Ndamusokoneza ine? Inu mu 2001 munali kuti? Ndayamba kugwira soldering iron musanabadwe. D, F, zonsezo ndi thambo limodzi, dzuwa lake ndi limodzi.

Wopima malo:
Thambo ndi limodzi koma sizichitika nthawi imodzi, bambo. Ulemu wanu ulipo, koma apa mwaphonya.

Mphunzitsi wa sayansi:
Nonse mukunena zoona, mwangogwira mbali zosiyana. M'munsi mpweya ndi wothithikana, ndiye kuwala kukangochepa ma electron amagwirananso ndi ma ion (tinthu ta mpweya tomwe tinataya ma electron) msangamsanga. Kumtunda mpweya ndi wochepa, kugwiranako kumachedwa, choncho TEC imafika pansi penipeni patapita mphindi zingapo kadamsana atafika pachimake, kenako imabwerera pang'onopang'ono. Siigwa mpaka ziro ayi. Wofunsawe, girafu ya tsiku limodzi payokha siingakuonetse kanthu. Tenga masiku angapo a m'mbuyo ndi a m'tsogolo, upeze avereji ya ola lililonse, uchotsere pa ya tsiku la kadamsana. Uonenso Kp (muyeso wa kusokonekera kwa maginito a dziko) ya masikuwo, chifukwa mkuntho wa maginito umatha kukwirira zonse. Ndipo nthawi ya m'mafayilo a GPS a mtundu wa RINEX si ya pa wotchi yathu, ife tili patsogolo ndi maola awiri.

Wokonza mawailesi, Lusaka:
Mwamva? Aphunzitsi andivomereza. Ngakhale a NASA pa 8 April 2024 anaponya maroketi atatu ku Wallops, ku America, ina kadamsana asanafike pachimake, ina ali pachimake, ina atadutsa, kukayeza zomwe ine ndinamva pa wailesi ya mabatire. Pa 25 November 2030 mdima udzadutsa ku Namibia, Botswana ndi South Africa. Mulungu akandisunga ndidzapita ndi wailesi yanga yomweyi.

Mlongo wa ku Johannesburg:
Supervisor wosayankha mauthenga ndimamudziwa ine. Wanga anandisunga chaka chathunthu. Pita ukakhale pakhomo pa ofesi yake m'mawa, usachoke mpaka akuone.

Membala wobisa dzina:
Zikomo nonse. Anti a ku Johannesburg, ndinapitako kawiri, akuti ali ku msonkhano. Alamu anganso ayimba kuti laputopu akuifuna mawa. Za maola awirizo sindinaziganizire, ndikaonanso usiku uno magetsi akayaka.

Mphunzitsi wa sayansi:
Uonenso ndithu. Koma sunandiyankhe: kadamsana wa chaka chiti, siteshoni iti? Ngati risiva yako inali kutali ndi kumene mthunzi wa mwezi unadutsa, ungachotsere masiku onse amene ukufuna, kutsikako sukupeza. Lemba deti ndi dzina la siteshoni pano, ndikuuza ngati mthunzi unafikako.