Kodi 2,147,483,647 ili ndi chiyani chapadera?

Namaseko: Abale, mwana wanga wa Fomu 4 amaseweretsa gemu pa kompyuta. Akuti ndalama za mugemumo zinakafika pa 2,147,483,647 n'kuima pompo. Ine ndinangoti kukamwa yasa. Nambalayi yatani?

Bambo a Chikondi: Mayi, imeneyo ndi prime: siigawika ndi nambala ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Lembani 2 kokwana ka 31, muwachulukitse, muchotse 1, mwaipeza. Zoterezi amazitcha za Mersenne. Katswiri wa masamu Leonhard Euler anatsimikiza kuti nambalayi ndi prime mu 1772, kompyuta kulibe, pensulo ndi mutu basi.

Namaseko: Ndiye kuti zonse za mtundu umenewu ndi prime?

Bambo a Chikondi: Ayi ndithu. Yesani kulemba 2 kokwana ka 11 m'malo mwa ka 31: mupeza 2,047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Mjomba wa ku Zomba: Za gemuzo ndiyankhe ine. Mapulogalamu ambiri amasunga nambala m'mabiti 32 (timalo tosunga 0 kapena 1), imodzi n'kukhala yosonyeza ngati nambalayo ili pansi pa ziro. Ndiye nambala yaikulu kwambiri imene ingakwane mmenemo ndi 2,147,483,647 yomweyo. Mawotchi a makompyuta akale amene amawerenga masekondi kuyambira 1970 adzagunda khoma lomweli pa 19 Januwale 2038.

Namaseko: Zikomo. Mnyamatayo akawerenge mabuku tsopano, walemera mokwanira.