Gulu la "Nyumba ya Amayi ku Ngabu": za kauntala ndi bafa

Lachiwiri

Fatsani (Limbe): Mwaswera bwanji nonse. Malata akhomedwa, pulasitala apaka, zithunzi za Lackson mwaziona. Bilida akuti pofika Lolemba adziwe za kauntala ya kukhitchini ndi matailosi a kubafa, apo ayi akagwira ina ku Nchalo ndipo tidzachita kumusaka. Tigwirizane sabata ino chonde.

Esinta (Joni): Ine ndasankha kale 😍
[zithunzi 4]
Pamwamba marble yoyera ya mizere yagolide, mipopi yakuda, kubafa khoma limodzi matailosi amaluwa abuluu. Kuno nyumba zatsopano ndi zimenezi.

Lackson (Ngabu): Achemwali, zimenezi ndi za ku Sandton kapena za kuno?

Esinta (Joni): Iwe usandiyambe. Amayi avutika mokwanira, nawonso asambeko pooneka bwino.

Atsibweni (Nchalo): Ana anga, ndiikepo mlomo. Ndikuyamba ntchito ya mapaipi ku esiteti m'ma 1980, nyumba za mabwana zinali ndi mabafa obiriwira, masinki a pinki. Ife tikalowa kukakonza mpopi tinkayamba taima kaye, kuona. Nthawi imeneyo ndiye zinali zapamwamba. Patapita zaka ndi manja angawa ndinazula ena, palibe ankawafuna. Lina ndinaliona kumudzi kwina akumwetsera ng'ombe. Koma masinki oyera aja alipobe, munthu sungadziwe kuti anaikidwa liti. Esinta, maluwa abuluuwo ndi okongola lero. Funso langa ndi lakuti Tadala akamadzakwatiwa adzakhala akuonekabe choncho?

Esinta (Joni): Atsibweni, ndiye tiike zoyera zokhazokha ngati kuchipatala?

Mayi a Tadala: Alamu, pepani ndilowerere, poti wokolopa ndi kutsuka ndidzakhala ine. Madzi a pamjigo wathu mukuwadziwa, ndi amchere. Ketulo ndimaipala zoyera mkati mwezi uliwonse. Dontho likauma limasiya chizindikiro. Pampopi wakuda zimenezo zidzaoneka tsiku loyamba lomwe. Ndiye amayi akaona zoyerazo sadzadikira ine, adzatenga phulusa kapena mchenga n'kukwecha monga amachitira mapoto. Kuda kuja ndi kopaka pamwamba chabe, kudzasupuka, mpopi udzatsala wa zigamba.

Lackson (Ngabu): Komanso ukafa mpopi wakuda uupeza kuti kuno? Wachitsulo chonyezimira wamba uja hardware iliyonse ali nawo, pa Ngabu pano, pa Nchalo, ngakhale pa Dyeratu.

Mayi a Tadala: Ndipo umenewo ukaupukuta ndi kansalu ka viniga mchere umachoka.

Fatsani (Limbe): Za mipopi zatha ndiye. Chrome wamba, sinki ya stainless. Tibwere pa marble.

Chisomo: Malume, marble ndi mwala wa gulu la laimu, asidi amaidya. Madzi a ndimu akadonthera pamachita chibanga chosawala chomwe sichichoka ndi sopo. Ndiye tangoganizani agogo ndi bwemba wawo uja, ndi malambe, ndi matimati tsiku lililonse 😂

Esinta (Joni): Mwana uyu fizi yake ndimalipira ndine koma akunditsutsa.

Chisomo: Ndalama zanu zikugwira ntchito anti 🙈

Esinta (Joni): Chabwino, ilipo ina amati quartz, imaoneka ngati marble koma ndi yopanga. Ndimu saidya.

Fatsani (Limbe): Ndinaifunsa. Mtengo wake sindiulemba pano, atsibweni angadwale. Komanso ili ndi zomatira za pulasitiki mkati, ukaikapo poto wochoka pambaula imapsa, ndipo pomenya dzuwa imasintha mtundu. Zenera la kukhitchini lija layang'ana kumadzulo, ndi kutentha kwa Ngabu mu Okutobala kopitirira madigiri 40 kuja.

Azakhali (Bangula): Ndinali kudimba, ndawerenga zonse tsopano. Inu mukukangana za pamwamba, ine ndinene za pansi. Makabati a mwana wanga aja a matabwa ogaya, okutidwa bwino ngati enieni, namondwe Freddy atabwera mu Malichi 2023 madzi analowa m'nyumba kufika m'mawondo. Atauma makabati anafufuma ngati chigumu, zitseko zosatsekeka, fungo lokhalokha. Tinataya onse. Chimene chinatsala ndi silabu ya simenti imene malemu bambo ake anaumba pakona, tinangoitsuka matope basi. Ndikudziwa pamene mwamangapo ndi pokwererako, koma chaka cha namondwe Ana, 2022, madzi anafika malo amene sitinkaganizira. Ndipo ngakhale madzi asabwere, chiswe chilipo.

Atsibweni (Nchalo): Apo mwanena alamu. Miyendo ya kauntala ikhale ya njerwa, pamwamba silabu ya konkire yokhala ndi zitsulo. Mashelefu apansi akwere pang'ono kuchoka pasimenti. Zitseko zokha ndiye matabwa enieni, zikatopa timasintha.

Fatsani (Limbe): Mawa ndidutsa kwa ogulitsa miyala ndikajambule.

Lachitatu

Fatsani (Limbe):
[zithunzi 3]
Granite ndi iyi. Yakuda bii akuti imachokera ku Mutoko ku Zimbabwe. Ndiye pali yotuwa iyi, ndi yofiirira. Granite siopa poto wotentha, siopa mpeni. Ine mtima wanga uli pa yakudayi, sizitha fasho zimenezi.

Esinta (Joni): Yakudayo eee! Achimwene lero tagwirizana.

Mayi a Tadala: Alamu, ndibwerenso. Yakuda yonyezimira ili ngati galasi. Ufa ukagwerapo uoneka, fumbi la mwera lija likalowa uoneka, kapu yamadzi ikakhalapo isiya mkombero wa mchere. Ndidzakhala ndikupukuta kasanu patsiku ndipo mukadzabwera pa Khirisimasi mudzati mlamu wathu ndi wauve. Yotuwa ya mawangamawanga ngati nkhanga ija ndiyo imabisa.

Azakhali (Bangula): Mverani mwini chikolopa.

Lackson (Ngabu): Nanga terazo? Bilida akuti amatha. Timangogula timiyala ndi simenti, amaumbira pompano, osanyamula chimwala kutsika nacho mapiri a Chikwawa.

Atsibweni (Nchalo): Terazo ndi yabwino, onani m'matchalitchi ndi m'zipatala zakale za mishoni, anthu apondapo zaka ndi zaka ili chikhalire. Koma imafuna mmisiri weniweni ndi makina opalira. "Amatha" wa pakamwa ine ayi. Akuonetse imene anapanga, upite ukaigwire ndi dzanja. Ikakhala ya mabampu kapena timabowo, pakauntala m'menemo mudzakhala mafuta ndi mamba a nsomba.

Lackson (Ngabu): Ndamufunsa. Akuti imene anapanga ili ku Mozambique 😅

Esinta (Joni): 😂😂😂 basi yatha imeneyo.

Fatsani (Limbe): Ndiye granite yotuwa. Tisatalikitse, mamita 2.4 mbali ya sinki yokha, mulifupi masentimita 60. Mbali inayo silabu yosalaza bwino yakwana. Esinta, yakuda ija tiiwale.

Esinta (Joni): Ndamva. Koma m'mphepete musapange zokhotakhota zija, zingokhala zowongoka, ongoundula kunsonga kuti asadzicheke. Zokhotazo ndiye zimakalamba msanga, ndaziona m'nyumba zimene ndimagwiramo ntchito. Ndalama yoonjezera pa granite ndiika ine.

Atsibweni (Nchalo): Ponyamula muiimike chammbali, musaigoneke. Yogoneka ikagunda bampu imathyoka pakati, makamaka pobowola sinki paja. Dalaivala atsike bwino mpaka pa Thabwa.

Chisomo: Ndili ndi agogo pano, ndawawerengera zonse. Ayamba afunsa kuti kauntala n'chiyani 😂 Nditawafotokozera akuti nsima sadzaphikira pamenepo, adzaphikabe panja pambaula chifukwa m'nyumba mumatentha. Akuti ngati simenti itsale muwaumbire kasilabu kuseri kopalira mlamba ndi kutsukira mbale.

Fatsani (Limbe): Ndalemba. Afunse za kubafa.

Chisomo: Akuti chibafa chogonamo asachione, mawondo sangalole kulowa ndi kutuluka, komanso madzi odzadzitsa chimenecho atunga ndani. Shawa ikhalepo ya alendo. Iwo akufuna pokhala, ndi mpopi wapansi woti ndowa ilowe. Akutinso anaterereka kubafa kwa malume ku Limbe chaka chatha koma sananene.

Fatsani (Limbe): Aa! Amayi osandiuza bwanji?

Chisomo: Akuti munali mutangoika kumene matailosiwo, mumawanyadira.

Mayi a Tadala: Anabwera akutsimphina, ine anandiuza kuti ndi nyamakazi.

Atsibweni (Nchalo): Mlongo wanga ameneyo. Ndiye pansi matailosi onyezimira ayi. Akhale okhakhala pang'ono, ang'onoang'ono, chifukwa aakulu a 60 kwa 60 aja savomera kupendeka bwino kuti madzi athamangire kudzenje. Pansi papendeke sentimita imodzi kapena awiri pa mita iliyonse. Pokhala paumbidwe ndi njerwa, chogwirira chachitsulo pakhoma, cholowa mu njerwa osati mu pulasitala mokha.

Esinta (Joni): Nanga khoma langa la maluwa? Palibe chimene mwandisiyira inu.

Azakhali (Bangula): Mwana wanga, tailosi ya maluwa ikasweka imodzi pakatha zaka zitatu suipezanso, amakhala abweretsa ina. Kwa neba wanga bafa lili ndi mitundu itatu ngati chitenje chosokerera. Yoyera kapena ya kirimu yopanda zojambula udzaipeza nthawi zonse.

Mayi a Tadala: Alamu, tengani zonse zosamata ndi simenti. Penti wa pamwamba pa matailosi, galasi, makatani, mataulo, zogwirira za makabati. Buluu wanuyo mupake pamenepo. Mukadzatopa naye ndi chitini chimodzi basi. Pempho langa ndi grout yekha, wotsekera m'mizere ya pakati pa matailosi uja, asakhale woyera. Ndi madzi athuwa ndi sopo amada, ndiye tingoyambira wotuwa.

Esinta (Joni): Hmm. Penti ndi galasi ndi zanga ndiye, ndipo wina asadzayankhulepo. Lackson ndikunena iwe.

Lackson (Ngabu): Ine ndatseka pakamwa achemwali.

Fatsani (Limbe): Lackson, yeza makoma ndi pansi usiku uno unditumizire. Ndidzaonjezera 10 peresenti ya zodula ndi zosweka, kuphatikiza katoni imodzi yosunga. Makatoni onse ndidzaona kuti nambala ya mtundu ndi imodzi, chifukwa zoyera nazo zimasiyana. Pansi ndifuna porcelain, siimwa madzi ngati ceramic wamba. Tigule zonse kamodzi, mukukumbuka mmene mitengo inadumphira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tili pakati pogula malata.

Atsibweni (Nchalo): Usanalipire tenga tailosi imodzi, uinyowetse, upakepo sopo, upondepo wopanda nsapato.

Fatsani (Limbe): Mu shopu atsibweni?

Atsibweni (Nchalo): Mu shopu momwemo. Akakana gula imodzi ukayesere panja.

Chisomo: Agogo akuti takhuta (zikomo) nonse. Akutinso pakhonde musaike matailosi, akufuna simenti yofiira yopaka polishi ngati ya nyumba yakale ija, imazizira bwino pogona masana.

Lackson (Ngabu): Imeneyo bilida amathadi, ya kwathu anapanga ndi iye. China, akufunsa kutalika kwa kauntala kuchoka pansi. Akuti amaika masentimita 90.

Mayi a Tadala: Kwa amayi 90 yatalika, mapewa adzawawa. Mawa m'mawa ndiwaimika pathebulo ndi beseni tiyeze, ndikuuzani.

Fatsani (Limbe): Chabwino. Otsala ndi msonkho wa mwezi uno tumizani pa Mpamba kapena Airtel Money pofika Lachisanu, lole ndi Loweruka. Lackson upeze anyamata anayi otsitsa mwalawo.

Esinta (Joni):
[chithunzi]
Buluu wake ndi uyu.

Lackson (Ngabu): 🤐